Hämmerli yanga yayamba kukana komanso kumwaza, ndiyambire pati kuyang'ana?

Chandamale_Chilomoni

Akuluakulu ndithandizeniko nzeru. Ndili ndi pisitolo ya mpikisano ya Hämmerli 208 ya .22 imene ndinagula kwa madala ena amene anasiya zowombera chifukwa maso anayamba kuwavuta, mapepala tinasintha bwinobwino kupolisi layisensi ili m'dzina langa, ndayamba ndi zimenezi chifukwa ndikudziwa pali wina afunsa kkkk. Mfuti yake ndi yakale ndithu mwina ndi yaikulu kuposa ine, koma itangofika m'manja mwanga inalibe vuto, pa mamita 25 dzanja likakhazikika zipolopolo zimagwera malo amodzi pakati pa chakuda paja.

Chithereni mvula chaka chino nde zinthu zasintha. Ikukana, ukakoka trigger imangoti tcha osaphulika, m'magazini imodzi simulephera kukhala chimodzi kapena ziwiri zotere. Makoko a zipolopolo nawonso akukanirira, ena amatsalira mu chemba, kumbuyo kwa mpope wa mfuti momwe chipolopolo chimakhala, mpaka ndichite kusolola ndi chikhadabo, ena amapanidwa pakati silayidi, chitsulo chija chimabwerera m'mbuyo mfuti ikalira, isanatseke. Koma chimene chikundiwawa kwambiri ndi kumwaza, munthu umamva ndithu kuti apa ndawombera bwino koma ukasuzumira pa sikopu yoonera chandamale chipolopolo chili pa mphete ya 7 uko, china pa ya 6, osati mbali imodzi ayi, paliponse. Ndiye sabata yathayi yachita china chondiopsa, ndinakoka kamodzi yalira kawiri motsatizana, pa pa, mpaka bambo amene anali pambali panga anacheuka.

Mnzanga wina akuti mpope watha basi ndiyiwale, wina akuti sintha masipuling'i onse, wina akuti ndi extractor, kambedza kokokera khoko kunja. Aliyense ndi zake, ndipo chilichonse mwa zimenezi ndi cha madola, inu mukudziwa mmene forex ikuvutira muno, komanso mtundu umenewu anasiya kupanga nde masipeya ake ndi ochita kusaka. Sindikufuna kuitanitsa zinthu mwachimbulimbuli kenako nkupeza kuti vuto linali lina.

Kodi pali njira yoti munthu ndi tochi ndi maso ake atha kusiyanitsa chimene chathadi ndi chimene changoda? Ndipo ndi ziti zimene ndingayang'ane ndekha, ziti zofunika mmisiri wa mfuti weniweni? Mpikisano wathu wa pa kilabu ukuyandikira ndipo yobwereka sindimaizolowera chogwirira.

Jox_wa_Bangwe

Aise ukutsimikiza kuti ikumwaza ndi mfuti osati dzanja? kkkkk ambirife tikagona mochedwa timanamizira mpope. Koma zoona zake yamba wasintha zipolopolo, zina zimene zikupezeka masiku ano zagona m'makabati zaka ndi zaka, phula lake linauma kale, ine ndinatsegulapo bokosi zipolopolo zake zitachita zoyerayera ngati zathiridwa ufa. Gula bokosi limodzi labwino uyese, ukaona zikupitirira nde tiyambe kulira.

Mdala_wa_ku_Nyambadwe

Achimwene, poyamba penipeni, mfuti imene yalira kawiri pokoka kamodzi isalowenso pamzere wowombera mpaka chifukwa chake chidziwike. Za mpikisano ziiwaleni kaye. Lero yalira kawiri, mawa imaliza magazini yonse mlomo ukukwera m'mwamba ndipo dzanja limodzi simungaigwire. Zimenezi ndibwererako, koma ndati ndiziike pamwamba.

Tsopano za mpope watha. Ayi, sindikukhulupirira. Chipolopolo cha .22 ndi mtovu wofewa wopakidwa phula, cholemera magalamu 2.6 okha, onga wake ndi wochepa, mpope wachitsulo chabwino umadya masauzande ndi masauzande osatha. Mipope yambiri ya .22 imene ndinaiona itawonongeka sinaphedwe ndi zipolopolo, inaphedwa ndi eni ake potsuka, kapena dzimbiri. Ndiye mnzanu uja musamumvere msanga.

Musanamasule sikuluwu ngakhale imodzi, tolani makoko. Khoko limalemba zonse zimene zachitika mkati. Mu .22 mankhwala oyatsira sali pakati ngati zipolopolo zikuluzikulu, ali mu mkombero wa khoko mozungulira, ndiye firing pin imachita kutswanya mkomberowo pa mlomo wa chemba kuti moto uyake. Kutanthauza kuti pansi pa mkombero pamafunika chitsulo cholimba chosalala chotsamirapo. Tengani makoko khumi, yalani pa pepala loyera, mutenge galasi lokuzira olo kamera ya foni ija mukuze. Chidindo cha pin chizikhala chakuya, chakuthwa m'mbali, chofanana pa makoko onse. Chikakhala china chakuya china chongokhudza, pali chimene chikudya mphamvu ya pin.

Chimene chakana, dikirani kaye mlomo uli ku chandamale masekondi 30 kapena kuposa chifukwa zina zimachedwa kuyaka, kenako chitulutseni muone chidindo. Ngati chidindo chili chakuya bwinobwino koma sichinaphulike, chitembenuzeni pin imenye pena, chikalira ndiye kuti vuto ndi la chipolopolo, mankhwala sanafike mbali imeneyo. Apa Jox akhoza kukhala kuti akunena zoona. Koma chidindo chikakhala chosaya, ndi mfuti.

Ndipo nthawi zambiri ndi uve basi. Kutsogolo kwa chemba, pamene khoko limathera, pamamera mphete ya mwaye wosakanikirana ndi phula ndi mtovu, youma gwa, kansalu sikaichotsa. Chipolopolo chimakakamira pamenepo osafika pansi, pin ikamenya mphamvu yake imathera pochikankhira mkati m'malo motswanya mkombero. Tcha. Pin ikamenyanso kachiwiri chimalira chifukwa tsopano chakhala pansi. Mphete yomweyo ndi imene imagwira khoko potuluka. Mwaona, matenda awiri gwero limodzi, ndipo mankhwala ake ndi burashi ya mkuwa ndi mafuta otsukira, osati madola.

Chachiwiri, ndipo ichi ndi chimene ndikuchikayikira pa mfuti yogula kwa munthu, yang'anani pa mlomo wa chemba pamene pin imamenya. Munthu akamakonda kukoka trigger mulibe kanthu mu chemba, pin imapitirira nkukagunda chitsulo, pang'ono ndi pang'ono pamachita kachidikha ndipo chitsulo chimene chachoka pamenepo chimatupira mkati mwa chemba, ngati mmene mutu wa tchizulo umaphwatalalira m'mbali ukamenyedwa ndi hamala zaka zambiri. Kachotupa kameneko ndi kakang'ono koti maso akhoza kukaphonya koma khoko silinama, mudzaona mzere wokandika m'litali mwa khoko, kuyambira pansi pa chidindo cha pin, malo omwewomwewo pa makoko onse. Mukaupeza mzere umenewo extractor musaiimbe mlandu, ikukoka chinthu chogwidwa.

Extractor yake muioneso ndithu, kambedza kake kakhale kakuthwa osati kobulungira kapena kobenthuka, ndipo mukakakankha ndi kamtengo kazibwerera ndi mphamvu. Pansi pake ndi m'kamng'alu ka pa mpope momwe kamalowa mumadzaza phula lakuda, konkonani ndi kamtengo kotokosera m'mano, osati singano.

Muonenso ngati khoko latupa pafupi ndi mkombero. Likatupa ndiye kuti silayidi ikutseguka msanga moto usanathe, kapena ikuwombera isanatseke kwenikweni. Apa mpamene timakayikira sipuling'i yobweza silayidi, ndi mtundu wa zipolopolo. Mundiuze zimene zalembedwa pa bokosi. Mfuti izi anapangira standard velocity, za liwiro la mamita pafupifupi 330 pa sekondi. Za high velocity zosakira akalulu zija zimafika cha m'ma 380, silayidi imakamenya kumbuyo mwamphamvu, sipuling'i ikakhala yotopa frame, thupi la mfuti limene silayidi imayendapo, imatha kung'aluka.

Za kulira kawiri. Pali zinthu zitatu zimene zimachititsa. Sear, kachitsulo kogwira hamala yomenya pin kuti isagwe trigger isanakokedwe, yadyeka kapena wina anaisewera pofuna trigger yopepuka mpaka ikungogwira ndi nsonga, silayidi ikamenya potseka, hamala imapulumuka. Kapena firing pin yakanirira kutsogolo chifukwa cha uve, dzimbiri kapena sipuling'i yake yathyoka, ndiye silayidi ikamatseka pin ili kale panja. Kapena kadzenje ka pankhope pa silayidi momwe mkombero umakhala kaphwatalala, mkombero wa .22 ndi wokhuthala pafupifupi 1.1 mm, malo akachepa silayidi yokha imautswanya. Khoko la chipolopolo chachiwiricho likanatiuza, likakhala lopanda chidindo cha pin ndiye kuti hamala sinagwe nkomwe. Munalitola? Pin mutha kuiyesa nokha, silayidi ili m'manja kankhani pin ndi kamtengo kuchokera kumbuyo, iziyenda momasuka ndi kubwerera yokha msanga. Koma sear ndi kadzenje kaja si za pakhonde, musakhudze.

Mayi_Air_Pistol

Madala anena zambiri za kukana, ine ndilankhulepo za kumwaza poti ndi zimene ndimalimbana nazo. Ine ndimawombera kwambiri ya mpweya pa mamita 10 koma ya .22 ndimaigwiranso.

Achimwene musaweruze mfuti mukuwombera ndi dzanja limodzi mutaimirira. Ikadzakonzedwa za kulira kawirizo, khalani pansi, thumba la mchenga patebulo, manja awiri, chipolopolo chimodzichimodzi m'magazini ngati mtima sunakhazikike, muwombere khumi osakhudza ma sight, tizitsulo tapamwamba tolunjikitsira mfuti. Kenako mupatse munthu wina wodziwa awomberenso khumi pa pepala lina. Mphete ya 10 pa chandamale cha mamita 25 ndi 50 mm m'mimba mwake, kamkati kaja 25 mm, mfuti ya mtundu wanuwu ndi zipolopolo zimene imazikonda siyenera kuvutika kusunga zonse mu 10 ikatsamira. Zikasonkhana pa thumba koma zikumwazika mukaimirira, pepani, Jox wawina kkk.

Mabowo ake muwayang'anitsitse. Bowo lizikhala lozungulira. Mukaona lotalikirapo ngati chipolopolo chalowa chammbali ndiye kuti sichikuzungulira bwino, mwina mtovu wamatirira m'mizere ya mkati mwa mpope kapena mlomo wawonongeka.

Mlomo wa mpope kutsogolo ndi malo aang'ono koma ndi amene amatsanzikana ndi chipolopolo. Pakangobenthuka mbali imodzi mpweya umatulukira kumeneko poyamba nkuchikankha. Njira yake yosavuta, mukawombera musapukute, yang'anani mwaye umene watsala pamlomo, umapanga kanyenyezi, nthambi zake zizikhala zofanana mbali zonse. Mfuti ili yopanda kanthu, magazini kunja, silayidi yotsegula, tengani kathonje ka m'makutu kaja mukalowetse pang'ono ndi kukatulutsa mozungulira, pakakhala pokanda thonje limatsalira timaulusi. Anthu amene amatsuka ndi ndodo yachitsulo kuchokera kutsogolo ndi amene amapha pamenepa. Ine ndimagwiritsa chingwe cha nayiloni chokhuthala chowedzera nsomba, kansalu kumapeto, kukoka kuchokera ku chemba kupita kutsogolo, njira imene chipolopolo chimayenda.

Pokoka kansaluko mverani ndi dzanja. Kazikhala kothina chimodzimodzi kuyambira koyamba mpaka kumapeto. Kakafika pena nkumasuka mwadzidzidzi kenako nkuthinanso, mpope unatupa pamenepo. Zimachitika chipolopolo chopanda mphamvu chikatsakamira mkati, chija chimangoti phu, munthu osazindikira nkuwombera china pambuyo pake. Mukaunika ndi tochi pamaoneka mphete yakuda. Ngati ndi zimenezo nde mnzanu uja wanena zoona, koma muone kaye.

China chimene anthu amaiwala ndi nyengo yathu ino. Chogwirira ndi chamtengo, m'mvula chimatupa, ukafika Okutobala kutentha kuja chimauma nkunyala, sikuluwu imatsala yokhwefuka ndipo mfuti imagwedezeka mkati mwa chogwirira pang'ono kwambiri moti simungaone, koma pa mamita 25 zimaoneka. Gwirani chogwirira dzanja lina mpope dzanja lina mupotokole pang'ono. Chitsulo cholemeretsa cha pansi pa mpope nachonso chigwedezeni. Sight yakumbuyo ikanikizeni ndi chala pansi ndi m'mbali muone ngati ikubwerera pamalo pake penipeni, sipuling'i yake ikatopa kapena ikachita dzimbiri imabwerera lero apa mawa apo, ndipo kumwaza kwa paliponse kumene mukunenako kumafanana ndi zimenezi. Ine masikuluwu anga onse ndinadontheza kadontho ka kyutekisi pamutu ndi pambali pake, ikangotembenuka ndimaona.

Ndipo musaisunge m'kabokosi ka siponji kaja nthawi ya chiperoni, siponji imamwa chinyontho. Mu sefa ikani timapaketi ta silica timene timabwera m'mabokosi a nsapato.

Fitala_Limbe

Ine si katswiri wowombera, ntchito yanga ndi ya makina, koma chitsulo ndi chitsulo. Pa zimene madala anena za frame kung'aluka ndiwonjezereko mmene mungaonere, chifukwa mng'alu ukamayamba umakhala ngati tsitsi ndipo pa chitsulo chakuda ndi mafuta pamwamba simungauone.

Chotsani silayidi ndi chogwirira. Tsukani ndi sipiriti mpaka mafuta onse achoke, pouma see. Yang'anani pamene silayidi imagunda ikabwerera kumbuyo, m'njanji momwe imayenda, m'makona onse akuthwa, ndi mozungulira mabowo a mapini, ming'alu imakonda kuyambira pa kona kapena pa bowo. Tochi musaunike molunjika, igonekeni chammbali kuwala kuzidutsa pamwamba, kamzere kamaonekera msanga.

Kuntchito timagwiritsa zitini zitatu zopopera, chotsukira, chofiira cholowerera, ndi choyera chokokera utoto kunja. Ngati simungazipeze pali njira yakale imene ankagwiritsa ntchito m'mashopu a njanji poyeza ma axle, pakani parafini pamalopo mudikire alowerere, pukutani pamwamba pouma, kenako pakani choko chopera chosungunula mu sipiriti. Sipiriti akauma pamatsala poyera, ngati pali mng'alu parafini amene anabisala mkati amatuluka nkujambula kamzere konyowa pa chokopo. Si yakuthwa ngati ya zitini koma mng'alu woti nkudetsa nkhawa imaugwira. Mukamaliza tsukani choko chonse mupakenso mafuta, apo ayi mawa lake mupeza dzimbiri.

Kusiyanitsa kutha kwabwinobwino ndi kuwonongeka nkosavuta. Pamene utoto wakuda wachoka pakuwala mosalala, mbali zonse ziwiri mofanana, palibe vuto, zitsulo zazolowerana. Choopsa ndi pamene chitsulo chasuntha, m'mphepete mwatukuka moti chikhadabo chikukodwa, kapena mbali imodzi yadyeka kuposa inzake, kapena mukuona timizere tokandika tatitali ngati mwalowa mchenga. Fumbi la kuno mu Seputembala likasakanikirana ndi mafuta ambiri limasanduka phala lonolera, nde amene amathira mafuta mpaka kudontha aja akuipha mfuti mwachikondi. Mu njira ya firing pin musathiremo nkomwe, muzikhala mouma.

Sipuling'i simungaidziwe ndi maso pokhapokha mutaigoneka pambali pa yatsopano. Yotopa imafupika. Ikhoza kupindikanso kapena kudyeka mbali imodzi nkukhala yaphwatalala pamene imakhuza. Pa masipeya onse iyi ndi yotchipa ndipo ndi imene imateteza frame, ine ndikanagula imeneyi olo zina zonse zili bwino.

Chimodzi chokha ndikupempheni, mukapeza mng'alu musapite nayo kwa owotcherera. Anyamata a mu msika wa Ndirande ndimawalemekeza, mbaula, mageti, ngolo, palibe chowakanika, koma moto wa welding umafewetsa chitsulo chimene chinaumitsidwa ku fakitale ndipo chimapindika, komanso mfuti si chinthu chongosiyira munthu amene alibe chilolezo, mudzapalamula nonse awiri.

Chandamale_Chilomoni

Zikomo nonse, ndakhala nazo pansi madzulo ano pakhonde lakuseri kuwala kusanathe. Nazi zimene ndapeza.

Madala, mzere uja ulipo. Ndinali ndi makoko m'thumba la chikwama, pafupifupi onse ali ndi kamzere kowala kuyambira pa chidindo kutsika m'litali, ndipo nditakuza ndi foni pa mlomo wa chemba pakuoneka kachidikha kowala, kamtengo kakukodwa ndikakayendetsa mkati. Zidindo zina zakuya zina zosaya monga munanenera. Khoko la kulira kawiri lija sindingalidziwe, linasakanikirana ndi anzake pansi. Mphete ya mwaye inalipo yokhuthala, burashi yatulutsa zinthu zakuda ndi tizidutswa towala ta mtovu. Pin ikuyenda koma mwaulesi, ikubwerera mochedwa, ndaitsuka ndi sipiriti kwatuluka zinthu zonga phula lofiirira, pano ikudumpha bwino.

Zipolopolo, mabokosi amene ndinayamba nawo anali standard velocity, atatha ndinatsegula ena amene anabwera limodzi ndi mfuti m'katoni, ndayang'ana lero palembedwa high velocity. Ndipo ndikaganiza bwino mavutowa anayamba nthawi yomweyo. Makoko angapo ndi otupa pang'ono pafupi ndi mkombero.

Mayi, mlomo uli bwino, thonje silinakodwe, kansalu kakuthina chimodzimodzi mpaka kutuluka, nditaunika mizere ikuwala palibe mphete yakuda. Koma sikuluwu ya chogwirira inatembenuka pafupifupi theka ndisanamve kulimba, ndipo sight yakumbuyo ndikaikanikiza pansi imatsalira, imabwerera ndikaigogoda. Pansi pake pali dzimbiri lofiira.

A Fitala za choko sindinapange, parafini ndilibe m'nyumba, koma ndi tochi sindikuona mzere uliwonse. Ndiyesa mawa.

Nde funso latsala ndi la kachotupa ka mu chemba, ndi sear. Poti pin inali yaulesi, mwina ndiyo inachititsa kulira kawiri, ndingayese ndione?

Jox_wa_Bangwe

Kachotupako ndi nkhani ya mphindi ziwiri aise, ka file kozungulira kakang'ono kaja ka ma hardware a ku Limbe, kupalapo kawiri katatu basi khoko lizituluka lokha. Ndipo ndinakuuza za zipolopolo, Fanta wanga ndimupeza Loweruka.

Mdala_wa_ku_Nyambadwe

Jox mwana wanga, Fanta umwe koma file usiye. Chitsulo chimene chatupira mkaticho sichinachokere kumwamba, chachoka pamalo pamene mkombero umatsamira. Ukachipala khoko lituluka inde, koma pansi pa pin patsala dzenje mpaka kalekale, mkombero uzingolowa m'dzenjemo osatswanyika, kukana kuchuluka, ndipo mkuwa ukhoza kuphulikira pamenepo mpweya wotentha nkubwerera kumaso. Amisiri ali ndi kachida kotchedwa chamber iron, kosalala kopanda mano, amakalowetsa mu chemba ndi mafuta nkukatembenuza kuti kakankhire chitsulo chija kubwerera kwawo. Sikachotsa kanthu. Ndi ntchito yaing'ono kwa amene ali nako ndipo anaigwirapo, koma pa mpope woti sungaupezenso wina ine sindingaphunzirirepo. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Ndipo achimwene kuyambira lero musakoke trigger chemba ili yopanda kanthu. Ikanimo khoko lowombera kale, muzilitembenuza pin izimenya pena, kapena tima wall plug tapulasitiki tating'ono timene timalowa bwino mu chemba.

Za sear pali muyeso umodzi umene mungachite osamasula kanthu. Malamulo a ISSF, bungwe la padziko lonse la masewero owombera, amati trigger ya pisitolo ya mamita 25 isapepuke kuposa magalamu 1000, ya mpweya ija ya mayi ndi 500. Paketi ya shuga ya 1 kg muiike m'kajumbo, kokani silayidi kuti hamala itcheredwe, mu chemba muli khoko lopanda kanthu, magazini kunja, mlomo kuloza kudenga, kolekani kajumboko pakati pa trigger ndi kawaya kopinda, paketi ili pansi, nkukweza mfuti pang'onopang'ono. Iyenera kunyamula shugayo osagwa. Ikagwa paketi isanachoke pansi, wina anaichepetsa kapena yadyeka, ndipo ku mpikisano weniweni akanakubwezani pa tebulo loyeza zida. Bwerezani kangapo, ikamanyamula ulendo wina ulendo wina nkugwa, imeneyo ndiye nkhani yoipa kuposa kupepuka, chifukwa zikusonyeza kuti mano ake sakugwirana mofanana.

Koma olo inyamule, yankho langa pa kuyesa ndi ayi kufikira mmisiri ataona sear ndi pankhope pa silayidi. Pin yaulesi ikhoza kukhala gwero, inde, koma tikungoganiza, khoko lotiuza linasowa. Mmisiri akamaliza, kuyesa koyamba ndi chipolopolo chimodzi m'magazini, kenako ziwiri, manja awiri pa thumba la mchenga, osadzaza mpaka mtima utakhutira.

Mayi_Air_Pistol

Sight ija ndi chogwirira ndiye kumwaza kwanu kumeneko achimwene, ine ndingabetche. Donthezani mafuta opepuka pa sipuling'i yake muisiye usiku, muwerenge ma click a sikuluwu yosinthira sight pamene ili musanaitembenuze kuti mudzabwerere pomwepo. Sikuluwu ya chogwirira mumange mongokwanira, mtengo wakale umang'aluka.

Pa masipeya, musanatumize ndalama kwa aliyense kunja pitani kaye kupolisi ku ofesi yoona za mfuti mufunse kuti ndi ziti zimafuna chilolezo cholowetsera m'dziko, msuweni wobwera pa basi kuchokera ku Johannesburg asakuikireni m'chikwama mwa zovala. Ndipo ngati mungaganize zopita nayo mfuti yonse kwa amisiri a ku South Africa, kumafunika chilolezo chotulutsira kuno, kwawoko fomu yake ndi SAPS 520, si zonyamuka lero lero.

Magazini muli nawo angati? Alembeni manambala pansi ndi maka, kupanidwa kwa makoko kukadzapitirira chemba itakonzedwa mudzaone ngati kukutsata magazini imodzi, milomo yake imatseguka ndi ukalamba ndipo mkati mumadzaza phula. Za mpikisanowo bwerani mudzagwire yanga ya .22 pa kilabu ine ndili pompo, chogwirira chake ndi chosintha, tidzakweza kapena kutsitsa potsamira chikhatho mpaka chikukwaneni.

Chandamale_Chilomoni

Ndayesa ndi shuga uja madala. Maulendo ena ikunyamula, ena ikugwa paketi itangoyamba kusuntha. Ndaitsekera mu sefa, zipolopolo za high velocity ndaziika padera. Magazini ndili nawo awiri mayi, ndalemba 1 ndi 2. Loweruka ndibwera ndi makoko onse m'kabotolo kuti madala muwaone ndi maso anu, ndipo mundilozere mmisiri wachilolezo amene ali ndi kachida kaja.